Mnyamata Amene Ankathawa Belu: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Ophunzira Akale

Pa msonkhano wathu wa pachaka, komiti inapempha mnzathu wina amene wakhala akuphunzitsa ana ofunika chithandizo chapadera kwa zaka zambiri kuti atilankhule. Ambiri a inu amene simunathe kufika mwatipempha kuti tisindikize mau ake. Nawa tsono, monga m'mene anawalankhulira. Mkonzi.

A Pampando a bungwe lathu, a Mphunzitsi Wamkulu pamodzi ndi aphunzitsi onse, akuluakulu a komiti ya makolo, anzanga amene tinadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba m'holo muno, ndiponso inu achimwene ndi achemwali amene munabwera m'mbuyo mwathu, ndikupatsani moni nonse. Ndikuthokoza komiti kaamba kondipatsa mpata uwu. Andiuza kuti ndisapitirire mphindi makumi awiri, ndipo ndiyesetsa, ngakhale mukudziwa kuti mphunzitsi akagwira choko samva belu.

Ndisanalowe m'nkhani yeniyeni, ndili ndi mlandu woti ndiulule pamaso panu. Pamene ndinali mu Fomu 3 ndinali pulifekiti wa ku hositelo. Chaka chimenecho kunabwera mnyamata wina mu Fomu 1. Dzina lake sinditchula, koma ena a inu mwamukumbukira kale. Pa masamu panalibe womuposa. Koma anali ndi makhalidwe amene ife tinkadabwa nao. Mukukumbukira belu lathu lija, limu ya lole imene inkalendewera mu mtengo wa mango pafupi ndi ofesi. Akangoimenya ndi chitsulo, mnyamatayo ankatseka makutu ndi manja n'kuthamangira kuseri kwa zimbudzi, ndipo pa asembule ankafika mochedwa. M'holo muno nthawi ya nkhomaliro, mbale zachitsulo zikulira, sankalowamo. Ankadikira panja kufikira tonse titatuluka, ndipo masiku ambiri ankapeza ndiwo zitatha. Batani la pakhosi sankamanga, nsapato ankazivula pansi pa desiki. Nthawi ya sitade usiku ankadzigwedeza pampando uku akung'ung'udza motsitsa.

Ena ankati ndi wamatama, ena ankati ndi wamisala, enanso ankanong'ona kuti anam'lodza kwao. Ine ntchito yanga inali kulemba maina, ndipo dzina lake ndinalilemba kosawerengeka. Anatchetcha udzu, anakumba maenje, anazula zitsa, koma sanasinthe ngakhale pang'ono. Tsiku lina m'nyengo ya dzinja, mvula ikukhuthuka pa malata kotero kuti munthu sumamva mnzako, mnyamata wina anam'gwira pakhosi kuchokera kumbuyo mwanthabwala. Iye anam'luma pamkono mpaka magazi, naponya mpando. Ine ndinakaperekera umboni ku ofesi, ndipo zonse zimene ndinanena zinali zoona. Anam'tumiza kwao, ndipo sitinamuonenso.

Mu 1994, pamene boma linachotsa sukulu fizi ku pulaimale ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ine ndinali mmodzi wa aphunzitsi amene analembedwa ntchito mwachangu. Patapita zaka ndinapita ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kukaphunzira kaphunzitsidwe ka ana ofunika chithandizo chapadera. Kumeneko ndi kumene ndinazindikira kuti umboni wanga uja, ngakhale unali woona, unasiya funso lalikulu. Ndinafotokoza zimene mnyamatayo anachita, koma palibe mmodzi wa ife anafunsa kuti thupi lake linkamva chiyani. Imeneyi ndiyo nkhani yanga lero.

Amayi ndi abambo, tonse tinaphunzira ku pulaimale kuti munthu amazindikira zinthu m'njira zisanu: kuona, kumva, kununkhiza, kulawa ndi kukhudza. Koma pali njira zinanso zitatu zimene sitinaphunzitsidwe. Yoyamba ili m'kati mwa khutu, ndipo ndiyo imatiuza ngati taima chilili, tapendekeka kapena tikuzungulira. Ikasokonekera timamva chizungulire. Yachiwiri ili m'minofu ndi m'mfundo za mafupa. Ndiyo imachititsa kuti mutenge mbamu ya nsima n'kuiponya m'kamwa mumdima osaphonya, ndiponso kuti mugwire dzira osaliphwanya. Yachitatu imatiuza za m'kati mwa thupi: njala, ludzu, kufuna kukataya madzi, kutentha ndi ululu.

Mauthenga onsewa amafika ku ubongo nthawi imodzi, ndipo ubongo umawapeta monga m'mene mayi amapetera mphale, kusunga zofunika ndi kutaya madeya. Panopa mwakhala pa mabenchi olimba, mwavala masokosi, kunjaku kuli ana akusewera, koma simumazimva zimenezi kufikira ine nditazitchula. Tsono pali ana ena amene ubongo wao supeta motero. Kwa ena, zonse zimalowa ndi mphamvu, ngati wailesi imene aikweza mpaka pamapeto ndipo chotsitsira chake chinathyoka. Mwana wotere belu limam'pweteka ngati msomali m'khutu, kachizindikiro ka pakolala kamam'yabwa ngati chitedze, ndipo kugwidwa modzidzimutsa amakumva ngati kumenyedwa. Kwa ena ndi mosiyana: mauthenga amafika mofooka, motero mwanayo amawafunafuna. Ndiye uja amatafuna kolala ndi pensulo, amadzigwedeza, amazungulirazungulira, amagunda anzake, kapena kugwa n'kuchubuka osalira. Mwana mmodzi yemweyo angathe kumva phokoso mopitirira muyeso koma osamva bwino ululu.

Izi si nkhani zachilendo kwa akatswiri. Mu 1943 dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, analemba za ana 11 amene anali ndi vuto limene lero timalitcha otizimu, ndipo anaona kuti ena a iwo ankaopa kwambiri phokoso la zinthu wamba za m'nyumba. Mu 1972 mayi wina wa komweko, Jean Ayres, anatulutsa buku lofotokoza m'mene kusokonekera kwa mauthenga a m'thupi kumalepheretsera mwana kuphunzira. Ndipo mu 2013 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linaika kumva mopitirira kapena mopereweraku pa mndandanda wa zizindikiro zoyezera otizimu.

Koma amene anatiphunzitsa zambiri ndi eni ake, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ku America komweko kuli mayi wotchedwa Temple Grandin, amene anabadwa mu 1947 ali ndi otizimu, nadzakhala pulofesa wa za ziweto pa yunivesite ya Colorado State. Ali mwana sankapirira kukumbatiridwa ndi anthu. Ali mtsikana, pa famu ya azakhali ake ku Arizona, anaona kuti ng'ombe zina zimafatsa zikalowa mu mpanda wopanikiza umene amazigwirira pozibaya jakisoni. Iye anadzipangira chipangizo chonga chimenecho, cholowamo yekha, ndipo chinkam'khazika mtima pansi. Amayi athu anazidziwa kale izi: khanda likamalira amalibereka kumbuyo, kulimanga bwino ndi chitenje n'kumaligwedeza. Koma gwirani mfundo iyi, pakuti ndibwereranso: chipangizo cha mayi Grandin ankachiyendetsa yekha, ndipo akafuna kutuluka ankatuluka.

Musaganize kuti nkhaniyi ikukhudza ana a otizimu okha ai. Kuno kwathu tili ndi malungo a mu ubongo. Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse amene anachira malungo otere anatsala ndi khunyu, chilema china kapena kusintha kwa khalidwe. Makolo amangoti mwanayu chidwalireni wasanduka wovuta. Tili ndi ana achialubino, amene kuwala kumawathobwa m'maso. Mukam'khazika pawindo amaweramira pa desiki, ndipo mphunzitsi amati akugona. Tili ndi ana amene amamva pang'ono chabe kaamba ka mafinya a m'khutu, amene tsiku lonse amalimbana ndi kutola mau m'phokoso, ndipo pofika masana atopa n'kuyamba ndeu. Ana onsewa timawapatsa dzina limodzi lakuti osamva.

Tsono mphunzitsi kapena kholo lichite chiyani? Choyamba ndi kudziwa kuti khalidwe lililonse lobwerezabwereza lili ndi chimene limam'pezera mwanayo. Kawirikawiri ndi chimodzi mwa zinai: kuthawa chinthu chomusautsa, kufuna kuti wina am'samale, kufuna chinthu china monga chakudya, kapena kungofuna kuti thupi limve bwino. Mwana amene sangathe kunena kuti phokosoli likundipweteka amanena ndi mapazi, ndi mano kapena ndi mpando. Taonani tsono chimene chimachitika mwana woponya mabuku pothawa phokoso tikam'tulutsa panja ngati chilango: tam'patsa bata limene amafuna, ndipo mawa adzaponyanso. Mu 1985 akatswiri awiri, Edward Carr ndi Mark Durand, anaonetsa kuti ana akaphunzitsidwa njira yapafupi yopemphera chimene akufuna, monga kunena kuti sindikumvetsa, makhalidwe aukali ndi odzipweteka amachepa kwambiri. Ine m'kalasi mwanga ndimagwiritsa ntchito kakhadi kodula pa katoni. Mwana akakakweza, ndiye kuti akupempha kukapuma panja mphindi zisanu, ndipo ndimam'lola.

Chachiwiri ndi kupenyetsetsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani kope, lembani mizere kuti tsamba ligawike patatu. Mbali yoyamba lembani chimene chinachitika vuto lisanayambe: nthawi, malo, anthu amene analipo, phokoso, fungo. Pakati lembani chimene mwana anachita, popanda mau oweruza. Musalembe kuti anachita mwano, lembani kuti anakankha mnzake kawiri. Mbali yomaliza lembani chimene chinatsatira. Chitani motero sabata ziwiri, ndipo kope lidzakuuzani zimene maso sanaone.

Ndinali ndi mtsikana wina wa Sitandade 3 amene ankatsina ndi kumenya anzake pafupifupi tsiku lililonse. Agogo ake anali atatopa ndi kuitanidwa ku sukulu, ndipo anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ingom'menyani, ife talephera." Titasunga kope, tinapeza kuti ndeu zonse zinkachitika pa mzere wa phala, pamene ana amapanikizana ndi kugundana kumbuyo. M'kalasi sankamenya munthu. Tinam'patsa udindo wonyamula beseni la makapu ndi kuima kutsogolo, kumene palibe wom'khudza kumsana. Ndeu sizinatheretu, koma zinatsika kufika mwa apo ndi apo, ndipo sitinaononge ngakhale tambala imodzi.

Chachitatu, khalidwe likasintha mwadzidzidzi, yambani mwaganiza za ululu. Mwana amene wayamba kudzimenya kumutu mwina dzino likum'pweteka kapena khutu latupa. Kudzimbidwa, njala, kusagona ndiponso khunyu la mtundu umene mwana amangoti duu kwa kamphindi osagwa, zonsezi zimaoneka ngati mwano. Mwana amene sazindikira bwino za m'kati mwa thupi lake sangathe kuloza pamene pakupweteka. Pitani naye ku chipatala musanapite naye ku ofesi.

Chachinai, tisiyanitse mwana amene akuchita makani ndi mwana amene wasefukira. Wamakani amayang'ana ngati mukumuona, ndipo mukam'patsa chimene akufuna amaleka pomwepo. Wosefukira ali ngati phala limene lawira mpaka kutayikira pamoto. Sakukuonani, sakumva mau anu, ndipo ngakhale mum'lonjeze switi saleka. Phala likamasefukira sitilikalipira, timaphula kapena kuzimako nkhuni. Chimodzimodzi pamenepa: chepetsani mau, chotsani ana ena ndi zinthu zovulaza, musam'zungulire, musam'gwire pokhapokha ngati akuthamangira ku ngozi, ndipo dikirani. Zokambirana zibwere mtima utatsika, mwina patapita ola lathunthu. Kumbukiraninso kuti nkhuni zimasonkhezeka pang'onopang'ono. Mnyamata wathu uja sanalume kaamba ka dzanja lokha ai; panali belu la m'mawa, njala ya masana ndi mvula pa malata, ndipo dzanja lija linali lomalizira chabe.

Wina afunsa kuti, kodi ndiye kuti ana otere tiziwalekerera? Iai. Mwana wolumidwa nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo ayenera kutetezedwa. Lamulo lakuti sitiluma, sitimenya, ndi la aliyense. Chimene ndikunena n'chakuti chilango chokha sichim'phunzitsa mwana chochita m'malo mwa kuluma, ndipo sichitsitsa phokoso. Zitsa zonse zimene mnyamata uja anazula sizinachepetse kulira kwa limu ija.

Ndikuchenjezeninso pa zinthu ziwiri. Masiku ano kuli ogulitsa zipangizo zodula, mabulangete olemera ndi mankhwala amene amati amachiza otizimu. Mankhwala ochiza otizimu kulibe. Ndipo mu 2012 bungwe la madokotala a ana ku America linachenjeza kuti umboni wakuti njira zambiri zotere zimathandiza ndi wochepa. Motero yesani chinthu chimodzi pa nthawi, lembani m'kope, ndipo ngati sichikusintha kanthu chisiyeni. Chenjezo lachiwiri ndi lalikulu. Mu 2008, ku Quebec m'dziko la Canada, mnyamata wa zaka 9 wa otizimu anamwalira pa sukulu atakulungidwa mu bulangete lolemera kuti akhale chete. N'chifukwa chake ndinati mayi Grandin ankayendetsa okha chipangizo chao. Mwana asamangidwe, asakulungidwe, asatsekeredwe m'chipinda. Malo opumira ndi okhawo amene mwana amalowa ndi kutuluka mwa kufuna kwake. Ngakhale ntchito zogwiritsa minofu, monga kupopa mjigo kapena kunyamula mabuku, zimene zimakhazika pansi ana ena, zikasanduka chibalo phindu lake latha.

A Pampando, pa malamulo dziko lathu silili m'mbuyo. Mu 1994 maiko 92 anagwirizana ku Salamanca, m'dziko la Spain, kuti sukulu wamba zizilandira ana onse. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali, ndipo mu 2017 unduna wa zamaphunziro unatulutsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse. Chitseko chinatsegulidwa, ndipo ana amene kale ankabisidwa m'nyumba tsopano akukhoza mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwira ku sukulu ngati ino. Koma chipinda chimene akulowamo ndi chomwe chija. Mu 1999 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linalangiza kuti phokoso lozungulira m'kalasi lisapitirire madesibelo 35, pamene kucheza wamba kwa anthu awiri kumafika pafupifupi 60. Inu amene munalemba mayeso mvula ikugwa pa malata opanda siling'i, weruzani nokha kuti tili patali bwanji.

Masana ano tikambirana za ndalama zimene tasonkha chaka chino, ndipo ndaona kuti ganizo limene lili patsogolo ndi lomanga chipata chatsopano cholembedwa dzina la bungwe lathu. Chipata n'chabwino, sindikuchinyoza. Koma ine ndikupempha kuti tiganizire zinthu izi. Tiike siling'i m'kalasi imodzi ya Fomu 1, ndipo chaka chamawa ina. Adzapindula ndi ana onse, pamodzi ndi mmero wa mphunzitsi. Tikonze kachipinda kamodzi pafupi ndi laibulale, kokhala ndi mphasa, makatani ndi chitseko chosakhomedwa, kumene mwana wolemedwa angakapume mphunzitsi akudziwa. Tisinthe machubu a magetsi amene amaphethiraphethira. Ndipo tilipirire mphunzitsi mmodzi wa pano kuti akaphunzire za ana ofunika chithandizo chapadera, adzabwere kudzaphunzitsa anzake ndi mapulifekiti omwe.

Palinso zina zosafuna ndalama, zimene ndikuziika m'manja mwa a Mphunzitsi Wamkulu mwaulemu. Belu lipachikidwe kutali ndi makalasi ndipo lizilira pa nthawi yodziwika. Mwana amene sapirira phokoso la m'holo aloledwe kulandira chakudya mphindi khumi anzake asanalowe. Wosapirira batani la pakhosi asapatsidwe chibalo, ndipo wachialubino avale chipewa chake ndi kukhala kutsogolo, kutali ndi windo. Ndipo mwana aliyense asanatumizidwe kwao kaamba ka khalidwe, komiti ya chilango izifunsa funso limodzi ili: kodi chinachitika n'chiyani zisanafike pamenepa? Mutu umodzi susenza denga; aphunzitsi paokha, ndi makalasi odzaza chotere, sangathe popanda ife.

Inunso makolo ndi agogo amene muli muno, ena a inu muli ndi mwana kunyumba amene amalira pometedwa, amakana nsima yokhala ndi mibulu, kapena amabisala ku ukwati zimbale zikayamba kulira. Sanalodzedwe, ndipo inu simunalephere kulera. Yambani ndi kope lija, kambiranani ndi aphunzitsi ake, ndipo funsani ku ofesi ya zamaphunziro ya m'boma lanu za mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera amene ali pafupi.

Pomaliza, ndili ndi pempho langa ndekha. Ngati alipo wina muno, kapena wina amene adzawerenge mau awa m'kalata yathu, amene akudziwa kumene kuli mnyamata uja, chonde andiuze kudzera kwa mlembi wa bungwe. Panopa ndi bambo wamkulu, mwina wa imvi ngati ine. Ndikufuna ndikam'pepese, ndipo ngati angalole, dzina lake lilembedwe m'kaundula wa bungwe lino, pakuti nayenso ndi wophunzira wakale wa pano.

A Pampando, ndapitirira nthawi, ndipo mundikhululukire.